Anyamata obena aja muwasiye

Sabata yatha kudabwera alendo kuno ku Dwangwa, a bungwe lina la ku Lilongwe, kudzatiphunzitsa za luso lamakono. Adaitana aphunzitsi, eni magolosale, a makomiti a sukulu, ndi ife achikulire amene timangoitanidwa kuti holo isaoneke yopanda anthu. Fanta adatipatsa, sindikana. Koma mnyamata amene adagwira maiki uja adanena mawu awiri amene mpaka lero akundiyabwa. Oyamba adati ife kuno tidatsalira, zinthu zonse masiku ano zili pa intaneti, tizingogula bandulo basi. Achiwiri adati anyamata a m'mashedi a pa msika paja, obena nyimbo ndi kuika mapulogalamu m'mafoni, ndi akuba, amafalitsa mavairasi, tiwauze ana athu asamapiteko.

Anthu adaomba m'manja. Ine ndidakweza dzanja. Adandiyang'ana n'kuti, "Pepani bambo, nthawi yatithera." Chabwino. Kuno nthawi ndi yanga, ndiye ndiyankhira pano.

Mwana iwe, pamene unkabadwa ine n'kuti nditakopera kale pulogalamu kuchokera ku Johannesburg, ndili pompano pa Dwangwa, kudzera pa waya wa lamya. Intaneti kudalibe. Bandulo kudalibe.

Mudali mu 1996. Ndinkagwira ukalaliki pa ofesi ina yaing'ono ya zachitukuko, ndipo abwana anga adali bambo wa ku Chipata amene adaphunzira ku Lusaka. Mu ofesimo mudali kompyuta imodzi, ya galasi lakuda ndi zilembo zoyera, ndi kabokosi kena konga sopo wochapira, kokhala ndi timagetsi tofiira. Ako ndiko kadali modemu. Ntchito yake idali kusandutsa zolembedwa za mu kompyuta kukhala phokoso loti lidutse pa lamya, ndipo inzake ya tsidya linalo inkabweza phokosolo kukhala zolembedwa. Amene sadamvepo kulira kwake sindidziwa ndimufotokozere bwanji. Tiyerekeze nkhululu ndi mphaka akukangana m'chitini. Tsiku loyamba mlonda adabwera ndi chibonga kudzafunsa ngati tili bwino.

Madzulo tikaweruka, abwana ankati, "Achimwene, musapite, tiimbe." Masiku ambiri tinkaimba ku Zomba kukatenga makalata a ntchito. Koma mwezi ukatha, m'thumba muli kanthu, ankaimba nambala ina ya ku Johannesburg, n'kulemba mphindi zake m'kabuku kuti adzalipire okha bilu ikabwera. Nambalayo sidali ya kampani. Idali ya munthu wamba, kunyumba kwake, amene adasiya kompyuta yake yoyaka usiku wonse italumikizidwa ku lamya kuti aliyense wofuna aimbe. Chinthu chotere ankachitcha BBS, ndiye kuti bolodi lomatapo zidziwitso, longa lija la pa khomo la ofesi ya mfumu, kungoti ili lidali mu kompyuta. Ukalowa unkapeza mndandanda: apa mauthenga a anthu, apa mapulogalamu, apa masewera. Lamya idali imodzi, choncho wina akakhala ali mkati iwe unkamva tu-tu-tu, n'kudikira ngati pa mjigo. Ukalowa unkapatsidwa mphindi zowerengeka, zikatha mwini wake ankakudula kuti anzako alowenso.

Amene adayambitsa zimenezi sadali boma, sadali kampani ya lamya. Adali anthu awiri a kalabu ya okonda makompyuta ku Chicago, Ward Christensen ndi Randy Suess. Mu January 1978 chipale chidatseka mzinda wawo, anthu osatuluka m'nyumba, iwo n'kuyamba kulumikiza zidutswa. Pofika pa 16 February chaka chomwecho bolodi lawo lidayamba kuyankha lamya. Christensen yemweyo adali atalemba kale njira yotumizira fayilo yotchedwa XMODEM, ndipo nzeru yake ndimaikonda mpaka lero. Fayilo imadulidwa tizidutswa ta mabayiti 128. Kachidutswa kalikonse kakafika, wolandira amakayesa ngati kafika kamphumphu. Kakafika kopunduka amati bwereza, ndipo kokhako ndiko kamatumizidwanso. Aliyense amene adaolotsapo matumba a mpunga pa bwato laling'ono akudziwa nzeru imeneyi: susenza onse ulendo umodzi, ndipo thumba limodzi likanyowa sutaya onse. Munthuyo sadagulitse njirayo. Adangoipereka kuti aliyense agwiritse ntchito.

Ife tinkagwiritsa ntchito mng'ono wake, ZMODEM, ya Chuck Forsberg ya mu 1986, chifukwa lamya ikaduka pakati, ukaimbanso inkapitiriza pomwe idalekera. Ndipo lamya ya kuno inkaduka, abale. Mvula ikagwa, yaduka. Mwera ukawomba, yaduka. Modemu yathu idali ya 2400, ndiye kuti zilembo pafupifupi 240 pa sekondi. Kudzaza diski imodzi ya 1.44 MB kukadatenga ola ndi theka n'kupitirira, ndalama zoti abwana sakadakwanitsa. Choncho tinkasankha tinthu ting'onoting'ono, topanikizidwa ndi PKZIP ya Phil Katz, ndipo tisadaimbe tinkakhala titagwirizana kale chomwe tikukatenga. Palibe zoyendayenda m'menemo ngati mbuzi pa msika.

Ku Zomba kuja ndiko kuli nkhani imene mnyamata wa maiki adayenera kuidziwa asadatiuze zotsalira. Mu 1984 Tom Jennings wa ku San Francisco adapanga njira yoti mabolodi aziimbirana okha usiku n'kupatsirana makalata, ili kupatsa ilo, ilo kupatsa linzake, mpaka kalata ifike. Adaitcha FidoNet. Njira imeneyi ndiyo idabweretsa imelo m'dera lathu lino. Ku yunivesite ya Zambia idayamba mu 1991, ndipo m'menemo ndimo mudatuluka ZAMNET mu 1994. Kwathu kuno idali ku Chancellor College, ku dipatimenti ya Physics, m'manja mwa Dr Paulos Nyirenda, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Intaneti yogulitsa ya MalawiNet idabwera pambuyo, mu 1997. Ndiye kuti makalata oyamba a pa kompyuta a dziko lino adayenda pa chida chimene anthu ochita zokonda zawo adapangira m'nyumba zawo, chifukwa ndicho chinkapirira mawaya athu odukaduka. Unkalemba kalata lamya ili chete, osalipira kanthu. Kenako kompyuta inkaimba, kutula mtolo wako, kunyamula mtolo wobwera, n'kudula. Mphindi ziwiri zokha. Ngati basi ya makalata.

Tsopano lamulo la pa bolodi la ku Johannesburg lija. Mwini wake adalemba poyera kuti wotenga azisiyanso. Ukakopera mafayilo angapo osaikapo lako, chitseko chinkatsekeka. Chipereganyu chenicheni. Ife tidakopera kawiri, kachitatu chitseko gwa! Abwana adakanda mutu. Tipereka chiyani ife a ku Dwangwa, opanda pulogalamu n'imodzi yomwe yolemba tokha? Ndine ndidati, "Abwana, bwanji tiwapatse mawu?" Tidakhala masiku atatu tikulemba mndandanda wa mawu a Chichewa ndi matanthauzo ake m'Chingerezi: malonje, kawerengedwe, mayina a nsomba. Chambo, usipa, utaka, kampango, mcheni, mpasa wa mu Bua. Abwana adaonjezamo a Chinyanja cha kwawo, tidakangana pa mawu angapo, tidatumiza. Patapita sabata tidapeza chitseko chotsegula, ndi uthenga wa munthu wina wa ku Joni komweko, mdzukulu wa mtchona wa ku Nkhotakota, wofunsa ngati tingaonjezere mawu a pa maliro poti agogo ake adali kudwala. Tidaonjezera.

Chimene tidakopera usiku umenewo chidali kapulogalamu kophunzitsa kutaipa. Zilembo zinkagwa kuchokera pamwamba, iwe uzizigunda zisadafike pansi. Ndidaphunzirira pamenepo kutaipa ndi zala zonse khumi, ndipo zala zimenezo ndizo zadyetsa ana anga. Ndidakakopera pa madiski n'kugawira aliyense wokhala ndi kompyuta kuyambira pano mpaka ku boma la Nkhotakota. Wolemba wake adalola zimenezo. Pa tsamba loyamba padalembedwa kuti gawirani anzanu momwe mungathere, koma mukakakonda munditumizireko madola pang'ono. Apa ndiulule: sitidatumize. Dola tikadaitenga kuti, ndipo tikadaitumiza bwanji? Ngongole imeneyo ndidakali nayo, ndipo sindinyadira.

Ndiye ndikadutsa pa msika n'kuona mnyamata ali m'kashedi ka malata, laputopu yong'aluka galasi, batire ya galimoto pansi pa tebulo, sipika ikulira, anthu ali pa mzere ndi mafoni m'manja, ine ndimaona bolodi lomwe lija. Kusiyana kwake n'koti suimba, umapita ndi miyendo. Mwini wake alipo, ali ndi dzina, amayi ake timawadziwa. Amadziwa foni iti imalola pulogalamu iti. Amadziwa kuti ka itel ka mayi wogulitsa usipa kakadzaza, chofufuta n'chiyani ndipo chosiya n'chiyani. Wina akabwera ndi pulogalamu yatsopano kuchokera ku Mzuzu kapena ku Joni, amamupempha kuti aisiye, mawa ena aipeze. Foni ikafa mutu amaifulasha, ndipo mafayilo ofulashira aja amapatsirana okhaokha, wa pa Dwangwa ndi wa ku Salima, pa fulashi yoyenda m'thumba la kondakitala wa minibasi pa M5. Palibe adawaphunzitsa ku koleji. Ambiri adalekezera Fomu 2 chifukwa cha fizi. Mmodzi ndidamuona akuwerenga malangizo a Chingerezi chovuta, chala pa galasi, mzere ndi mzere, mpaka foni ya mphunzitsi wina idadzuka. Ameneyo ndiye mukuti watsalira?

Tiwerengeko masamu, poti alendo athu amakonda manambala. Tinene kuti pa sukulu pali aphunzitsi 40, ndipo onse akufuna pulogalamu imodzi ya mamegabayiti 100. Njira ya mnyamata wa maiki ndi yoti aliyense agule bandulo akope yekha. Ndiwo mamegabayiti 4,000, chinthu chimodzimodzi chogulidwa ka 40, ndipo pa kugula kulikonse boma likudulapo msonkho wa 10 peresenti umene lidaika pa data mu 2015, kuonjezera pa VAT. Njira ya m'shedi ndi yoti mmodzi akope, 39 otsalawo alandire pa Xender kapena pa memori khadi, osatha yuniti n'imodzi yomwe. Ndani wanzeru pamenepa? Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a mphunzitsi sadakwere motero, ndipo inu mukumuuza kuti njira yolemekezeka ndi yolipira ka 40. Munthu wodula nzimbe amene wakhala tsiku lonse m'phulusa, mukufuna asankhe pakati pa bandulo ndi ndiwo kuti aoneke wamakono?

Palinso china. Ndikatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa mlamu wanga amene akukhala kuseri kwa msika, chithunzicho chimayamba chatuluka m'dziko muno, kukafika pa makina a eni ake kunja, n'kubwerera. Ulendo wonsewo kuti chidutse mtunda woti mwana angathamange ndi kapepala. Tsiku limene zingwe za pansi pa nyanja ya mchere zidaduka kufupi ndi gombe la kum'mawa kwa Africa, mu May 2024, tonse tidaona mmene intaneti idakwawira. Ndipo madzi atasefukira kuno kumapeto kwa February chaka chomwecho, msewu utaduka, anthu ali m'misasa, ndani ankatchaja mafoni a anthu? Ndani adasamutsa manambala ndi zithunzi kuchokera m'mafoni onyowa? Sindidaone aliyense wa maiki. Ndidaona anyamata omwewo, atanyamula mabatire awo pamutu.

Musandimve molakwa, sindikuti m'mashedi muja muli angelo. Nyimbo za oimba athu zimabenedwa popanda woimba kulandira kanthu, ndipo ine monga wolemba ndikudziwa kuwawa kwake. Kabuku kanga kena ndidakapeza katajambulidwa pa fotokope, kakugulitsidwa ndi munthu amene sadandizindikire n'komwe, mpaka adanditsitsira mtengo. COSOMA ilipo pa chifukwa chimenechi, ndipo lamulo la 2016 la umwini wa zaluso lilipo. Woimba adye thukuta lake, pamenepo palibe mkangano. Zolaula zimene ena amaikira ana a sukulu m'mafoni, amenewo atengedwe ndithu, ndipo ndidzakhala woyamba kuloza shedi yake. Mavairasi nawonso alipo. Adaliponso pa nthawi yathu: diski imodzi yobwereka idatipha kompyuta sabata yathunthu, abwana osandilankhula masiku awiri.

Koma taonani mmene mabolodi aja ankathanirana ndi zimenezi. Mwini bolodi wabwino ankayesa fayilo iliyonse asadaiike poyera. Ankalemba pambali pake kuti ichi n'chiyani, walemba ndani, n'chaulere kapena n'cholipira. Bolodi la zinthu zakuba linkadziwika, la zinthu zoyera linkadziwikanso, ndipo munthu ankasankha koimba. Mankhwala a fayilo yoipa adali mwini bolodi wodziwa ntchito yake. Palibe adati tithetse mabolodi onse. Nanga bwanji alendo athu, m'malo motiuza kuti tiwathawe anyamatawa, sadawaitane iwowo mu holo muja? Pa anthu onse a pa Dwangwa, amene amagwira mafoni ambiri pa tsiku ndi iwo. Mukadawaphunzitsa masiku awiri okha kusiyanitsa pulogalamu yoyera ndi yobisa mbava mkati, mukadateteza mafoni ochuluka kuposa a ife tonse amene tidamwa Fanta yanu. Koma ayi, iwo alibe jekete. Pa chithunzi cha lipoti sangaoneke bwino.

Ndipo mawu oti "akuba" aja amabisa chinthu chimene mwina mlendo wathu sachidziwa, kapena amachidziwa koma sichimupindulira. Mapulogalamu ambiri abwino ndi aulere mwadala, eni ake adachita kulemba kuti gawanani. Linux, imene Linus Torvalds adayamba mu 1991 ali mwana wa sukulu ku Helsinki, ndi yotero. LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama ndi yotero. VLC yoonerera mafilimu ndi yotero. Kiwix imakulola kunyamula Wikipedia pa memori khadi n'kumawerenga popanda netiweki. Kupatsa mnzako zimenezi si kuba, ndi chimene adazipangira. Mwana akamva kuti chilichonse chosadutsa pa bandulo n'chakuba, amakula akuganiza kuti nzeru ili ndi khomo limodzi lokha, ndipo pa khomopo pali wokhometsa.

Chimene chimandiwawa koposa ndi ichi. Pa bolodi paja tidakakamizidwa kufunsa kuti, ife tili ndi chiyani choti tipereke? Funso limenelo lidatipangitsa kukhala pansi masiku atatu n'kulemba mayina a nsomba zathu. Lero palibe amatifunsa. Foni imangoti landira, landira, seka, tumiza kwa ena. Mdzukulu wanga amatha kutsitsa chala pa galasi maola atatu, koma nditamufunsa kuti fayilo imene wakopera yapita pati m'foni mwakemo, adandiyang'ana ngati ndamufunsa kumene mphepo imagona. Amene amadziwa kumene fayilo imagona pa Dwangwa pano ndi anyamata a m'mashedi. Ndiwo okha atsala ndi chidwi chotsegula chinthu kuti aone zam'kati. William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu, dziko lonse lidamuombera m'manja chifukwa cha chidwi chomwechi, buku la mu laibulale yaing'ono ndi zitsulo zotola. Asadatchuke, anthu ankamuyesa wamisala. Tikuchitanso zomwezo, kungoti tasintha dzina, pano tikuti akuba.

Ndiye pempho langa kwa a bungwe aja, ngati mawu ano angawapeze. Ndalama imene mudalipira holo, mafuta a galimoto ziwiri ndi Fanta ija ikadagula kompyuta yakale imodzi kapena ka Raspberry Pi, rauta ya WiFi, sola ndi batire. Muike pa TDC kapena pa sukulu ya sekondale. Mudzazemo mapulogalamu aulere, Wikipedia ya pa Kiwix, mabuku amene eni ake adaloleza, ndi malo oti anthu azisiyapo zawo: mphunzitsi manotsi ake, mlimi wa nzimbe kawerengedwe kake ka feteleza ndi matani, msodzi mayina a mphepo, wolemba ndakatulo zake ngati afuna. Aliyense wofika pafupi alumikize foni yake popanda yuniti. Kamodzi pa sabata wina apite pomwe pali intaneti akatenge zatsopano, monga tinkachitira ndi Zomba. Woyang'anira musamutenge ku Lilongwe. Mutenge mmodzi wa anyamata a pa msika, mumulipire, dzina lake lilembedwe pa chitseko kuti fayilo ikavuta tidziwe wom'funsa. Starlink idafika m'dziko muno mu 2023, ndipo amene ali ndi ndalama zake agule, sindiwaletsa. Koma ngakhale mbale ya Starlink itakhala pa denga la sukulu, palibe chifukwa choti chinthu chimodzi chitsike kuchokera kumwamba ka 40.

Dzulo ndidapita kwa mnyamata wanga wa pa msika ndi kadiski kamodzi kamene ndidakapeza m'sutikesi, kolembedwa ndi dzanja la abwana aja, amene adatisiya kalekale. Ndikukhulupirira kuti mndandanda wa mawu uja uli m'menemo. Adakatembenuza uku ndi uku, n'kuseka. "Madala, ichi n'chiyani? Chimalowa pati?" Ndidamufotokozera. Adakhala chete pang'ono, adatulutsa foni, adafunsa anzake. Akuti ku Kasungu kuli wina amene ali ndi kabokosi kowerenga madiski otere kolumikiza pa USB, ndipo kabwera Lachisanu ndi dalaivala wa lole ya shuga. Ndidamufunsa mtengo. Adati ndisalipire, koma mawuwo akatuluka ndimusiyireko kope pa laputopu yake.